Sei2 dong2: Tanthauzo ndi Kagwiritsidwe Ntchito ka Liu la Chikantoni Lotchulira Bwenzi Lapamtima

1. Mau oyamba

Munthu wa ku Hong Kong akafuna kutchula mnzake amene amamukhulupirira koposa ena onse, amene angathe kumugogodera pakati pa usiku kapena kumubwereka ndalama popanda mboni, kaŵirikaŵiri amati ameneyo ndi sei2 dong2 wake. Liuli limalembedwa ndi zilembo ziŵiri, 死黨. Choyambacho chimatanthauza kufa. Chachiŵiricho chimatanthauza gulu kapena chipani, ndipo ndi chilembo chomwecho chimene chili kumapeto kwa dzina la chipani cha Kuomintang ndi la chipani cha Chikomyunizimu cha ku China. Liu lomweli, m'nyuzipepala za ku Beijing za m'zaka za m'ma 1970, linali chitonzo chimene boma linkatchulira anthu amene linkawayesa oukira. Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza mmene liu limodzi lingasenzere matanthauzo aŵiri otalikirana chotere, ndi kuonetsa kuti tanthauzo lachikondi la lero lamera pa tsinde la tanthauzo lonyoza lakale. Khalidwe limene liuli limaloza, ndilo kuima ndi mnzako kaya walakwa kaya sanalakwe, silinasinthe. Chimene chinasintha ndi munthu amene akulinena.

Chikantoni chimayankhulidwa m'chigawo cha Guangdong ndi mbali zina za Guangxi, ku Hong Kong, ku Macau, ndiponso pakati pa Atchaina ambiri okhala maiko akunja. Pa kalembera wa 2021 ku Hong Kong, anthu oposa 88 mwa 100 alionse anati ndicho chiyankhulo chimene amayankhula masiku onse. Mau a Chikantoni m'pepala lino alembedwa m'kalembedwe ka Jyutping, kamene kanakonzedwa ndi bungwe la Linguistic Society of Hong Kong mu 1993. Nambala imene ili kumapeto kwa phatikizo lililonse imasonyeza kamvekedwe: 1 ndi kokweza kosasintha, 2 kokwera kufika pamwamba, 3 kapakati, 4 kotsika, 5 kokwera pang'ono kuchokera pansi, 6 kapansi kosasintha. Woŵerenga wa Chicheŵa akumbukire kuti j amamveka ngati y, ng amamveka ngati ng' wa mu ng'ombe, ndipo d amamveka ngati t wa mu tola. Manambalawa sitingawasiye. Ife timalemba mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mofanana, ndipo chiganizo chimatipulumutsa. Koma m'Chikantoni, mmene mau ambiri ali a phatikizo limodzi, sei2 ndi kufa pamene sei3 ndi nambala 4.

2. Kumene liuli lichokera

Zilembo ziŵirizi zimapezeka zitaima pamodzi m'buku la Hanshu, mbiri ya ufumu wa Han imene analemba Ban Gu (32–92), mlongo wake Ban Zhao n'kudzaitsiriza. M'gawo lofotokoza za Zhai Fangjin, amene anali nduna yaikulu ya mfumu Cheng kuyambira chaka cha 15 Khristu asanabadwe, muli kalata imene ndunayi inalembera mfumu poneneza akuluakulu ena a boma, mmodzi mwa iwo Zhu Bo, kuti anali pa mgwirizano wa mseri ndi Wang Li, atsibweni a mfumuyo. Mlandu wawo unali wakuti anafulatira zokomera dziko nadzipereka kufera kagulu kawo. Yan Shigu (581–645), amene analemba ndemanga zotchuka pa bukuli, anamasulira zilembozi kuti zikunena za kuthera mphamvu zonse, ngakhale moyo, potumikira kagulu.

Pamenepa zilembozi si dzina ayi, koma mneni ndi pamtherankhani wake. Mneni wa kufa, amene mwa chikhalidwe chake satenga pamtherankhani, m'Chitchaina chakale ankatha kutsatidwa ndi dzina la chinthu chimene munthu akuchifera, popanda chizindikiro chilichonse pa mneniyo. Chicheŵa sichilola zotere: kufa gulu sikumveka, mpaka titaika mphatikiri -er- wa msintho womchitira n'kunena kuti kufera gulu. Kusoŵa kwa chizindikiro chotere ndiko kunatsegula njira yakuti mibadwo yam'tsogolo iŵerenge zilembozi mwa mtundu wina. Popeza m'Chitchaina mfotokozi amayamba, dzina n'kutsata, mndandanda womwewo wa "kufa" ndi "gulu" ungathe kumveka ngati mfotokozi ndi dzina, ndiye kuti gulu la anthu osabwerera m'mbuyo. Umo ndi mmene liuli linasandukira dzina.

Chilembo chachiŵiricho chinali ndi mbiri yoipa kuyambira kale. M'buku la zonena za Confucius muli chiphunzitso chakuti munthu wolemekezeka amayanjana ndi onse koma sapanga kagulu. M'zaka za 166 ndi 169, ophunzira ambiri a ufumu wa Han anamangidwa, kuletsedwa ntchito za boma, ena kuphedwa kumene, pa mlandu wopanga timagulu. Mu 1044 Ouyang Xiu anachita kulemba nkhani yapadera yofuna kutsimikizira mfumu kuti anthu abwino nawonso angagwirizane pa mfundo zabwino, chimene chikusonyeza kukula kwa chikayiko chimene chinalipo. Ngakhale kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chilembochi chinapatsidwa ntchito yatsopano yotchulira zipani za ndale, fungo lakalelo silinathe m'Chikantoni cha mumseu. Ana osokoneza oyenda m'magulu ndi tung4 dong2; anthu ogula matikiti ambiri kuti akawagulitse pa mtengo wokwera ndi wong4 ngau4 dong2, kutanthauza gulu la ng'ombe zachikasu; akathyali amene amanamiza okalamba kuti awapempherera tsoka lichoke, kenaka n'kuthaŵa ndi ndalama zawo, ndi kei4 fuk1 dong2.

Ku China, tanthauzo lonyozali linafika pachimake pambuyo pa imfa ya Lin Biao pa ngozi ya ndege ku Mongolia pa 13 September 1971, pamene akuluakulu a nkhondo amene anali pafupi naye anatchedwa ndi liuli, m'katchulidwe ka Chimandarini ka sǐdǎng. Linagwiranso ntchito yomweyo pa otsatira a Gulu la Anthu Anayi, amene anamangidwa mu October 1976. N'zosadabwitsa tsono kuti mtanthauziramau wa Xiandai Hanyu Cidian, utasindikizidwa koyamba mu 1978, unapereka matanthauzo onyoza okhaokha.

3. Imfa pakamwa pa anthu oopa kuitchula

Funso limene limavutitsa wophunzira wachilendo ndi lakuti: anthu osamala mau ngati oyankhula Chikantoni angatchule bwanji bwenzi lawo ndi liu la imfa? Kusamala kwawoko n'kodziŵika. Nyumba yopanda anthu saitchula ndi liu la hung1, lopanda kanthu, chifukwa limamveka chimodzimodzi ndi hung1 wa tsoka. Amati gat1 uk1, nyumba yamwayi. Chiŵindi cha nkhumba amachitcha zyu1 jeon2, popeŵa liu la gon1 limene limatanthauzanso kuuma, ndipo kuuma kumakumbutsa thumba lopanda ndalama. Nyumba zambiri zosanjikiza ku Hong Kong zilibe nsanjika yolembedwa 4, chifukwa sei3 ali pafupi kwambiri ndi sei2. Pa masiku a chaka chatsopano ana amadzudzulidwa akatchula za kufa.

Yankho loyamba ndi lakuti sei2 akaima patsogolo pa dzina, nthaŵi zambiri sanena za maliro, koma za chinthu chosasuntha ndi chosasinthika. Madzi odikha osayenda ndi sei2 seoi2. Njira yosatulukira kwina ndi sei2 lou6. Mdani amene sudzayanjana naye ndi sei2 dik6. Wotsatira timu ya mpira amene saisiya ngakhale igonje chaka chonse ndi sei2 zung1. Tikaika sei2 dong2 pambali pa sei2 dik6, tiona kuti aŵiriŵa ndi mapasa: wina ndi mdani wosasunthika, wina ndi mnzako wosasunthika.

Yankho lachiŵiri, limene kwa ine ndi lolemera koposa, ndi lakuti m'Chikantoni chitonzo ndi chimodzi mwa zizindikiro za chikondi. Mai angathe kutchula mwana wake wamwamuna wopulupudza kuti sei2 zai2, ndipo mkazi angatchule mwamuna wake kuti sei2 lou2 (taonani kusiyana kwake ndi sei2 lou6 wa njira uja), ngakhale mau omwewo, atachokera kwa mlendo, angabutse ndeu. Woŵerenga amene anakulira pakati pa asuweni sangavutike kumvetsa zimenezi: ufulu wotukwanana ndiwo umasonyeza kuti ubale ulipo. Motero pamene anyamata a pasukulu anadzitcha okha gulu lofera limodzi, anatenga liu limene boma ndi aphunzitsi akanawanenera monyoza, nalivala ngati chipewa cha ulemu. Zhai Fangjin anaona anthu oika kagulu kawo patsogolo pa dziko, nawatcha oipa. Munthu amene ali m'kati mwa kaguluko amaona chinthu chomwecho, ndipo kwa iye ndicho chifukwa chake chokondera anzakewo.

4. Kagwiritsidwe ntchito m'chiganizo

Ngakhale dong2 ndi gulu, sei2 dong2 wa lero ndi munthu mmodzi. Umboni wake uli m'timau toŵerengera, timene Chikantoni chimaika pakati pa nambala ndi dzina, ndipo ntchito yake imafanana pang'ono ndi ya magulu a maina m'Chicheŵa:

(1) Ngo5 jau5 loeng5 go3 sei2 dong2.
"Ndili ndi a-sei2 dong2 aŵiri."

(2) Ngo5 baan1 sei2 dong2 gam1 maan5 lai4.
"Gulu la a-sei2 dong2 anga libwera usiku uno."

Mu (1) kaliu ka go3, kamene kamaŵerengera munthu mmodzimmodzi, kakusonyeza kuti anthu ndi aŵiri, osati magulu aŵiri. Mu (2) woyankhula wachita kuonjeza baan1, koŵerengera gulu la anthu, kuti ugulu umveke. Chikhala kuti dong2 anali kumvekabe ngati gulu, kuonjezaku kukanakhala kubwereza. Tionenso kuti mu (2) kaliu koŵerengerako kakugwira ntchito yosonyeza umwini, chimene ndi chizoloŵezi cha Chikantoni chosiyana ndi Chimandarini. Ndipo monga zimakhalira ndi maina a abale, liuli lingatsate mloŵam'malo popanda kaliu kena pakati:

(3) Keoi5 hai6 ngo5 sei2 dong2.
"Iyeyu ndi sei2 dong2 wanga."

Kusintha kwina, kumene sikuoneka m'kalembedwe, n'kokhudza kulingana kwa anthuwo. M'chiyankhulo cha ndale muli mtsogoleri ndi omutsatira: akuluakulu a nkhondo aja anali a-sǐdǎng a Lin Biao, koma Lin Biao sanali sǐdǎng wawo. M'Chikantoni cha masiku onse ubalewu ndi wa mbali zonse ziŵiri. Ngati iye ali sei2 dong2 wanga, inenso ndine wake, ndipo n'chifukwa chake chiganizo (4) n'chotheka:

(4) Ngo5 dei6 zou6 zo2 jaa6 nin4 sei2 dong2.
"Takhala a-sei2 dong2 zaka 20."

Tikafuna kunena mwa galamala wathu, liuli lachoka pa kufera lafika pa kuferana, kuchoka pa msintho womchitira kufika pa wochitirana, popanda phatikizo limodzi losintha.

Amuna ndi akazi omwe amaligwiritsa ntchito, ndipo silinena kanthu za chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Kaŵirikaŵiri limanena za anthu a msinkhu umodzi amene anadziŵana kusukulu, pamalo pamene anakulira, kapena pa ntchito yoyamba, ndipo limayendera limodzi ndi kanenedwe kakuti jau4 sai3 waan2 dou3 daai6, kuseŵera pamodzi kuyambira ubwana mpaka kukula. Ndi liu la pocheza. M'kalata yopempha ntchito kapena pamaso pa woweruza munthu amasankha hou2 pang4 jau5, bwenzi labwino.

5. Mau oyandikana nalo

Liu lalikulu la bwenzi ndi pang4 jau5, limene limaphimba aliyense kuyambira wodziŵana naye dzulo. Lotsatira ndi lou5 jau5, bwenzi lakale, limene lili ndi ufulu umene sei2 dong2 alibe. Lingakhale mfotokozi, monga mu keoi5 dei6 hou2 lou5 jau5, "amagwirizana kwambiri". Lingakhalenso loitanira munthu wosamudziŵa, monga mmene ife timanenera kuti achimwene kwa mwamuna amene takumana naye pa basi. Mtundu wake wina, lou5 jau5 gei3, ndi umene ogwira ntchito zothandiza anthu ku Hong Kong amatchulira okalamba mwaulemu ndi mwansangala, ndipo ndilo dzina limene seŵero la pa wailesi ya kanema la ku America la Friends limadziŵika nalo kumeneko. Palibe amene angaitane mlendo mumseu kuti sei2 dong2. Liu loitanira aliyense limatha mphamvu msanga, ndipo ndikuganiza kuti kusaloŵa kwake m'ntchito yoitanira alendo ndi chimodzi mwa zimene zasunga kulemera kwa liu lathuli.

Palinso fen1, lobwerekedwa ku Chingerezi, limene m'Chikantoni lasanduka mfotokozi: keoi5 dei6 hou2 fen1 ndi chimodzimodzi "amagwirizana kwambiri", ndipo pali nthabwala yakuti fen1 gwo3 daa2 ben1, kugwirizana koposa oimba a bandi imodzi.

Mau a ubale ali ndi njira yawoyawo. Hing1 dai6, abale aamuna, ndi zi2 mui6, abale aakazi, amaperekedwa kwa anzako amene si a magazi amodzi, ndipo ubale wotere ungathe kukhazikitsidwa ndi mwambo wa malumbiro wotchedwa git3 baai3. M'boma la Shunde, m'chigawo cha Guangdong, akazi ogwira ntchito ya silika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900 ankalumbirirana ubale wotere, ena mwa iwo n'kukana ukwati moyo wawo wonse. Koma ubale wa m'Chitchaina uli ndi wamkulu ndi wamng'ono; hing1 dai6 mwiniwakeyo ndi mau aŵiri, mkulu ndi mng'ono. Sei2 dong2 alibe mwambo, alibe lumbiro, alibe mkulu. Nalonso sau2 zuk1, manja ndi miyendo, limene lakhala likumveka pakati pa apolisi ndi m'magulu a zigaŵenga, ndipo mu 2019 linafala pakati pa ochita zionetsero ku Hong Kong, ndi losiyana: limagwirizanitsa anthu pa cholinga, ngakhale sadziŵana maina.

Pomaliza pali lou5 sei2, limene anthu ambiri amalimasulira kuti ndi chidule cha lou5 jau5 ndi sei2 dong2, phatikizo loyamba la liu lililonse. Tanthauzo lake ndi bwenzi lapamtima. Zilembo zake ndi 老死, ndipo m'Chitchaina cha m'mabuku zilembo zomwezi zimatanthauza kufa ndi ukalamba.

6. Zokhudza okonza ziyankhulo

Chitsanzo chomalizachi chikutifikitsa pa vuto lenileni. Lamulo la ziyankhulo za boma la 1974 ku Hong Kong linavomereza Chitchaina kukhala chiyankhulo cha boma pamodzi ndi Chingerezi, koma silinatchule kuti ndi Chitchaina choyankhula chiti. Kuyambira 1997 mfundo ya boma pa maphunziro ndi yakuti ophunzira azilemba ziyankhulo ziŵiri, Chitchaina ndi Chingerezi, ndi kuyankhula zitatu, Chikantoni, Chimandarini ndi Chingerezi. Chitchaina cholembacho, mau ake ndi galamala wake, n'chomangidwa pa Chimandarini, ngakhale mwana amachiŵerenga mokweza m'katchulidwe ka Chikantoni. Mwanayo tsono amati keoi5 pakamwa koma amalemba chilembo china potchula "iye", amati hai6 koma amalemba china potchula "ndi". Mau otere savuta kwambiri, chifukwa kusiyana kwake kumaoneka ndi maso ndipo mphunzitsi amakonza ndi cholembera chofiira. Ovuta ndi mau ngati sei2 dong2 ndi lou5 sei2, amene zilembo zake zilimo kale m'mtanthauziramau, koma ndi tanthauzo lina. Mwana amene analemba za sei2 dong2 wake mu 1978 sanalakwitse kalembedwe. Koma woŵerenga wa ku Beijing wa chaka chimenecho akanamva kuti mwanayo akuvomera mlandu.

Lero mpata umenewu wachepa pa liu limodzili. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene mafilimu, nyimbo ndi maseŵero a pa kanema a ku Hong Kong ndi Taiwan anafala m'China monse, mau ambiri a Chikantoni analoŵa m'Chimandarini, monga dik1 si2 wa takisi ndi maai4 daan1 wolipirira chakudya m'lesitilanti. Tanthauzo lachikondi la sǐdǎng, limene ndi lozoloŵereka ku Taiwan, tsopano limamveka tsiku ndi tsiku pakati pa achinyamata a ku China. Tanthauzo lonyoza likadalipo m'zolemba za mbiri ndi za ndale, ndipo chimene chimalekanitsa aŵiriŵa ndi mwini wake wa liulo m'chiganizo: likatsata dzina la mtsogoleri wogwa, ndi chitonzo, likatsata "ine" kapena "ife", ndi chiyamiko. Kuona kwanga n'kwakuti mtanthauziramau wabwino ayenera kulemba mfundo imeneyi poyera, m'malo mongondandalika matanthauzo aŵiri ngati kuti sadziŵana. Ntchito yotere imatheka bwino pamene chiyankhulo chikufotokozedwa mwa icho chokha, monga ikuchitira ntchito ya mtanthauziramau wa pa intaneti wa words.hk, imene inayamba mu 2014 ndipo imamasulira mau a Chikantoni m'Chikantoni chomwecho.

Womasulira kupita m'Chicheŵa ali ndi vuto lakelake. Mnzanga ndi lopepuka kwambiri, lofanana ndi pang4 jau5. Bwenzi lapamtima likuyandikira, koma limaloza za kuululirana zinsinsi, pamene liu la Chikantoni limaloza za kuima pamodzi pa mavuto ndi pa zolakwa zomwe. Pamwamba pa izo, bwenzi nalonso layenda ulendo wake: mnyamata akati "uyu ndi bwenzi langa" akuloza mtsikana, omvera ambiri amamva za chibwenzi, chimene sei2 dong2 sanena. Kanenedwe kathu kakuti bwenzi la ponda apa nane mpondepo ndiko kakufika pafupi koposa, chifukwa muli kulingana kwa aŵiriwo, muli kusasiyana, ndiponso muli kakayikiro kaja ka munthu woonera patali, amene amafunsa kumene mapazi aŵiriwo akuloŵera. M'nkhani ya ndale za China za m'ma 1970, kanenedweka sikangagwire ntchito. Pamenepo womasulira alembe kuti otsatira ouma mitu, kapena anthu ofera mtsogoleri wawo.